Zimene Tinaphunzira Galimoto Yathu Itachita Ngozi ku Lizulu

Banja lathu silinakulire m'galimoto. Bambo athu anakalamba akupalasa njinga, ndipo atatisiya, ife ana awo asanu pamodzi ndi Amayi tinagwirizana kuti kandalama kamene anasiya tisagawane ayi, koma tiwonjezerepo ndi kugula chinthu choti chizitidyetsa tonse. M'chaka cha 2019 tinagula Toyota Probox yogwirapo kale ntchito ku Japan, yomwe inatsikira padoko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe. Ntchito yake inali kunyamula kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere kuchokera ku Lizulu ndi ku Tsangano kupita nazo ku Balaka ndi ku Blantyre. Fizi ya ana athu, feteleza wa kumunda ndi mankhwala a Amayi a kuthamanga kwa magazi, zonsezi zinkachokera m'galimoto imeneyi.

Aliyense amene amayenda pamsewu wa M1 m'boma lathu lino la Ntcheu akudziwa mmene chifunga chimakutira zitunda za pakati pa Lizulu ndi Mlangeni m'miyezi yozizira, kudera lija msewu umatsata malire, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Tsiku lina m'bandakucha, mu Julaye 2023, mng'ono wathu wotsiriza ananyamuka ndi matumba a kachewere. Asanapite patali, ng'ombe inatulukira m'chifungamo. Poizemba, galimoto inasiya msewu ndipo mbali ya kumanzere ya kutsogolo inakawomba simenti ya kalavati.

Tikuthokoza Mulungu kuti mnyamatayo anali atamanga lamba. Thumba la mpweya la pachiwongolero, lija amati airbag, linaphulika ndi kumutchinjiriza. Kuchipatala anamupeza ndi mikwingwirima pachifuwa ndi kupweteka kwa khosi basi. Apolisi apamsewu anabwera, anayeza malowo, ndipo pambuyo pake tinatenga lipoti lawo. Apa ndi pamene tinakumana ndi phunziro loyamba. Inshuwalansi imene tinkalipira chaka ndi chaka inali ya third party, yomwe lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza mwini galimoto aliyense kukhala nayo. Ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Galimoto yanu yomwe siiwerengedwa. Tinali titamvapo zimenezi, koma tinazimvetsa bwino tsiku lomwe tinabwerera kunyumba chimanjamanja.

Galimoto tinaikweza palole ndi kukaitsitsa pabwalo la nyumba ya Amayi. Titaizungulira, mitima yathu inakhalako pansi. Bampa inali itathyoka, nyali imodzi itaphwanyika, boneti itapindika, lediyeta itaboola ndi kutaya madzi. Koma galasi la kutsogolo linali ndi mng'alu umodzi wokha, zitseko zinayi zonse zinalipo, ndipo kumbuyo kunalibe ngakhale chikanda. Achimwene athu aakulu anati, "Iyi ndi ya masabata awiri, ibwerera pamsewu." Tonse tinavomera, chifukwa ndi zimene tinkafuna kumva.

Mmisiri woyamba amene tinamuitana ananenanso chimodzimodzi. Anasuzumira pansi pa boneti, nagogoda apa ndi apo, ndipo anati chitsulo cha kumanzere chakhota pang'ono koma si nkhani. Njira yake inali yodziwika kwa tonsefe: kumanga tcheni kumtengo wa mango, kukoka galimoto ndi jeke, kuwotcha chitsulo ndi moto wa gasi mpaka chifiire kuti chifewe, kuchimenya ndi hamala, kenako kumata fila ndi kupopera penti. Mtengo umene anatchula unali woti tikanaukwanitsa pogulitsa mbuzi zingapo. Tikanamupatsa ntchitoyo tsiku lomwelo pakanapanda amalume athu, amene anati safunsa anadya phula, tiyambe tamva maganizo a munthu wachiwiri.

Munthu wachiwiriyo anali bambo wachikulire amene anagwira ntchito yowongola galimoto zaka zambiri m'magalaja a ku Blantyre ndi ku Johannesburg, ndipo tsopano akupumula kumudzi. Sanabwere ndi hamala. Anabwera ndi tochi, tepi yoyezera, chingwe, choko ndi kamaginito kakang'ono. Asanagwire chilichonse anatifunsa kuti, "Ana anga, mukufuna ndikuuzeni zokusangalatsani kapena zimene ndipeze?" Tinaseka, koma iwo sanaseke.

Anayamba ndi kutifotokozera kuti galimoto zili mitundu iwiri. Ina, monga Toyota Hilux ndi malole, ili ndi chasesi yapayokha, zitsulo ziwiri zazitali zokhala ngati makwerero, ndipo thupi limangomangiriridwa pamwamba pake ndi mabawuti. Ina, monga Probox yathu, Sienta, Vitz ndi galimoto zing'onozing'ono zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, ilibe chasesi yapadera. Thupi lomwelo ndilo chasesi. Pansi, mizati ya zitseko, denga ndi mikono iwiri yachitsulo imene imanyamula injini kutsogolo, zonsezi ndi chinthu chimodzi chowotchereredwa pamodzi. Ukamenya ngodya imodzi, mphamvu yake imayenda m'thupi monse, monga momwe nyumba ya njerwa imachitira mng'alu kuchipinda pamene maziko atitimira kukhonde.

Anatiuzanso kuti kupindika kwa kutsogolo kwa galimoto si kufooka kwa zitsulo za masiku ano, monga ambirife timanenera. Ndi dala. Katswiri wina wa kampani ya Mercedes-Benz, Béla Barényi, ndiye anabweretsa nzeru yoti kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuzikhwinyata pangozi kuti kumwe mphamvu ya kugundako, pamene chipinda chokhala anthu chikhale cholimba. Galimoto zoyamba zopangidwa motero zinatuluka mu 1959, chaka chomwecho kampani ya Volvo inayamba kuika lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno yemwe anakonza Nils Bohlin. "Chitsulo ichi," anatero bambowo akuloza mkono wa kumanzere, "chafa m'malo mwa mng'ono wanu. Chagwira ntchito yake. Koma ntchito imeneyi chimagwira kamodzi kokha."

Kenako anayamba kuyeza, ndipo tikulemba mwatsatanetsatane zimene anachita chifukwa zambiri mwa izo munthu wamba angathe kuziona yekha. Choyamba anaika galimoto pamalo osalala, nawongola chiwongolero. Anayeza kuchokera pakati pa tayala la kutsogolo kufika pakati pa tayala la kumbuyo, mbali zonse ziwiri. Probox imayenera kukhala ndi mamita 2.55. Kumanja kunali momwemo. Kumanzere kunaperewera pafupifupi masentimita atatu, kutanthauza kuti tayala linali litakankhidwira m'mbuyo pamodzi ndi zonse zoligwira.

Chachiwiri anatsegula boneti ndi kuyeza mopingasa, kuchokera pabawuti la shoko ya kumanja kufika kunsonga ya mkono wa kumanzere, kenako kuchokera pabawuti la shoko ya kumanzere kufika kunsonga ya mkono wa kumanja. Ndi nzeru yomwe amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito poona ngati maziko ali sikweya. Miyeso iwiriyo iyenera kufanana. Anati m'galaja yabwino kusiyana kopitirira mamilimita atatu kumawadetsa nkhawa kale. Kwathu kusiyanako kunali kwa masentimita, osati mamilimita.

Chachitatu anayendetsa chala m'mipata ya pakati pa zitseko ndi thupi. Chitseko cha kutsogolo kumanzere, chomwe ife tinkati chili bwino, chinali chothina kumwamba ndi chotseguka kumunsi, ndipo potseka chimafuna kuchinyamula pang'ono. Anatikweza pampando kuti tione denga molunjika kuwala kwa dzuwa, ndipo pamwamba pa mzati wa pakati panali kakhwinya kakang'ono kamene palibe mmodzi wa ife anakaona. Anakweza kapeti ya pansi, kumapazi a wokwera kutsogolo, ndipo chitsulo chinali chitatukumuka, penti yake itasweka ngati chigoba cha dzira. Mng'alu wa pagalasi uja, womwe tinkaganiza kuti unabwera ndi mwala, unayambira pangodya ya kumunsi kumanzere, kusonyeza kuti chimango cha galasilo chinapotoka.

Chachinayi anakweza galimoto pajeke, naika zitsa zolimba pansi pake, n'kulowa ndi tochi. Anatiitana mmodzimmodzi kuti tione. Mkono wa kumanzere sunangokhota ayi, unali utapindika mwamphamvu ngati chitini chopondedwa, ndipo malo ena owotcherera anali atalekana. Chitsulo chopingasa chimene chimagwira chiwongolero ndi miyendo ya matayala chinali chitasuntha. Mwendo wa tayala unali wopindika, shoko itakhota, ndipo mphira imodzi yogwira injini inali itang'ambika. Injini ndi giyabokosi zokha ndi zimene zinapulumuka, popeza mng'ono wathu anazimitsa galimoto nthawi yomweyo ndipo siinayende yopanda madzi.

Lamulo lawo linali lachidule. Chitsulo chimene changokhota mosalala chingathe kukokedwa pang'onopang'ono, chili chozizira, ndi kubwerera m'malo. Chimene chapindika mpaka kuchita mzere wakuthwa, kapena chang'ambika, chiyenera kudulidwa pamalo oyenera ndi kuikapo china. Za moto wa gasi anakana kwamtuwagalu. Anati zitsulo za m'malo amenewa zinalimbitsidwa mwapadera kufakitale, ndipo ukaziwotcha mpaka kufiira zimataya mphamvu imeneyo. Kunja zimaoneka zowongoka, koma pangozi yachiwiri zimangogonja kapena kuthyoka, injini n'kulowa pamiyendo ya anthu. Anatikumbutsanso kuti airbag ikaphulika sibwezeredwa, ndipo lamba amene wagwira munthu pangozi yotere amayenera kusinthidwa. Anati anaonapo galimoto zimene m'chiwongolero munali nsanza, nyali yochenjeza ya padashibodi itachotsedwa kuti wogula asadziwe.

Maginito aja anatisonyeza ntchito yake pachitseko cha kumbuyo kwenikweni. Pamalo ena anamata, pamalo ena anagwa. Apo panali fila wochindikala pansi pa penti, chizindikiro chakuti galimoto yathu inagundidwapo kale tisanaigule. Malowo sanali oopsa, koma tinachita manyazi kuti zaka zinayi tinkaipukuta osadziwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tinali ndi njira zitatu. Yoyamba inali ya pansi pa mtengo wa mango, yotsika mtengo, yomwe ikanatipatsa galimoto yonyezimira koma yoyenda chammbali ngati nkhanu, yodya matayala mbali imodzi, yokoka chiwongolero pogwira mabuleki, ndiponso yopanda chitetezo. Yachiwiri inali kuinyamula kupita nayo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kugalaja yomwe ili ndi benchi yokokera thupi la galimoto moyeza, kugula theka la kutsogolo la Probox ina mwa zija zimabwera zoduladula kuchokera kunja, kusintha mkono wonse, miyendo, shoko, lediyeta, nyali, galasi, airbag ndi malamba, kenako kuyeza matayala pamakina. Yachitatu inali kuvomereza kuti yatha, ndi kuigulitsa.

Achimwene athu anapita kumizinda yonse iwiri kukafunsa mitengo, atanyamula zithunzi ndi miyeso ija. Zimene anabwera nazo zinali zoti kukonza koyenera kukanadya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mtengo wa Probox ina yonga yathu. Bambo aja anatichenjeza kuti pamtengo wotere tiwonjezerepo kena, chifukwa galimoto ikamasulidwa pamatuluka zina zimene sizinkaoneka. Anatiuzanso kuti umu ndi mmene a inshuwalansi amawerengera: ndalama zokonzera zikayandikira mtengo wa galimoto yomwe, amati yatha ntchito, ngakhale injini ikulira bwinobwino.

Tinazengereza miyezi itatu, tikusonkha pang'onopang'ono. Kuzengereza kumeneku kunatipweteka. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo popeza zipangizo zonse za galimoto zimachokera kunja, mitengo imene tinapatsidwa ija inasanduka nthano. Ndalama zimene tinasonkha sizinafikenso ngakhale theka. Nthawi yonseyi tinkalipira malole a eni kuti atinyamulire katundu, phindu linachepa, ndipo ana awiri anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.

M'masiku ovuta amenewo ndi momwe munabwera munthu wina wogula ndi kugulitsa galimoto. Anatipatsa nzeru yooneka yokoma. Anati tiikonze mwa njira yotchipa ija, tiipopere penti yabwino, iye akaigulitsa kutawuni kwa munthu wofuna yonyamulira anthu, ndipo tigawana phindu. "Ndani adzakweze kapeti?" anafunsa motero. Tisabise, awerengi okondedwa, ena mwa ife tinakopeka. Tinkadziuza kuti galimoto zambiri zoyenda pamsewu zinakonzedwa chomwecho, kuti wogula ali ndi maso ake, ndiponso kuti ana athu ali pakhomo pamene anzawo ali m'kalasi. Kwa sabata yathunthu abale a mimba imodzi tinkalankhulana mokalipa, ndipo mlongo wathu wamkulu anasiya kubwera kudzadya nafe.

Amalume anaitanitsa msonkhano pakhonde la Amayi. Aliyense analankhula. Amalume anatikumbutsa zimene tonse tinaphunzira tili ana kumadrasa, kuti wogulitsa saloledwa kubisa chilema cha malonda ake, ndipo phindu lobwera mwa njira imeneyo lilibe madalitso. Amayi anakhala chete mpaka kumapeto. Kenako anafunsa mng'ono wathu uja kuti, "Iwe mwana wanga, itakonzedwa mwa njira imeneyo, ungandikweze ine kupita kuchipatala?" Mnyamatayo anaweramitsa mutu nati, "Ayi, Amayi." Iwo anati, "Nanga amayi a mnzako ndiye akwere?" Anatikumbutsanso za lole imene inalowa mumsika wa Kampepuza mu 2019 ndi kupha anthu ambiri. Anati ambiri mwa anthu aja sanakwere galimoto iliyonse tsiku limenelo, ankangogula ndi kugulitsa m'mbali mwa msewu monga timachitira ife. Galimoto ikalephera pamsewu siyang'ana kuti ndani anaigula ndipo ndani sanaigule.

Panatsala funso limodzi. Tikanatha kuigulitsa yathunthu, mmene inalili, titanena chilungamo chonse. Zimenezo sizikanakhala chinyengo. Koma tinkadziwa bwino lomwe kumene ikanathera: pansi pa mtengo wina wa mango, kenako pasiteji itadzaza anthu. Choncho tinasankha kuiphwasula. Injini ndi giyabokosi tinagulitsa kwa munthu wa ku Balaka amene yake inali itagogoda, ndipo anazimva zikulira asanalipire. Zitseko zitatu zabwino, mipando, matayala atatu, batire, nyali za kumbuyo ndi zina zing'onozing'ono zinapita chimodzichimodzi m'miyezi iwiri. Zonse za mbali imene inagunda, monga shoko, mwendo wa tayala, limu ndi malamba, sitinagulitse kwa woti akazigwiritse ntchito. Zinapita pamodzi ndi chigoba kwa ogula zitsulo zakutha, bambo aja atadula mkono wopindikawo ndi manja awo. Tinakadziwitsanso a Road Traffic kuti galimotoyo sidzayendanso, kuopa kuti nambala yake ingadzatulukire pagalimoto ina.

Ndalama zimene tinapeza zinali zochepa poyerekeza ndi zimene wamalonda uja anatilonjeza. Zinakwana kubwezera ana kusukulu ndi kusunga zotsala. Tsiku limene chigoba chinanyamulidwa, Amayi analowa m'nyumba osafuna kuona, chifukwa kwa iwo inali thukuta la malemu amuna awo. Ifenso tinamva ngati tawaikanso m'manda kachiwiri.

Kwa anzathu amene tsoka lotere lingakugwereni, tili ndi mawu ochepa ochokera m'zimene tinadutsamo. Munthu ayambe waonedwa kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, pakuti kupweteka kwa khosi ndi m'mimba kumatha kuonekera mochedwa. Tengani lipoti la apolisi, jambulani zithunzi galimoto isanasunthidwe, ndipo dziwitsani a inshuwalansi msanga, musanalole aliyense kuyamba kukonza. Musalize injini ngati madzi kapena oyilo watayika, ndipo ngati tayala lasuntha, inyamuleni palole m'malo moikoka ndi chingwe. Funsani amisiri awiri kapena atatu, ndipo mmodzi mwa iwo akhale woti sadzapindula ndi ntchitoyo. Wina akatchula mtengo asanayeze ndi tepi kapena kulowa pansi, muthokozeni ndi kufuna wina. Bampa, boneti, nyali ndi zitseko amisiri athu a m'maboma amakonza bwino kwambiri, ndipo tiyenera kuwapatsa ntchito. Koma mikono ya kutsogolo, mizati, pansi ndi pogwira shoko zimafuna benchi ndi miyeso. Mtengo ulembedwe papepala, chipangizo chilichonse pachokha, ndipo zochotsedwazo mudzazione ndi maso anu. Ngati mwaganiza zokonza, musazengereze monga tinachitira ife.

Kwa amene mukufuna kugula galimoto yogwirapo kale ntchito, pepala la COF likhalepo ndithu, koma lisakulepheretseni kukweza kapeti, kuyang'ana mipata ya zitseko, kuona ngati matayala akutha mofanana, ndi kuonetsetsa kuti nyali ya airbag ikuyaka mukatembenuza kiyi ndi kuzima patapita kanthawi. Pemphani mnzanu aiyendetse inu mukuitsatira pambuyo, muone ngati matayala a kumbuyo akuponda m'mapazi a akutsogolo.

Ife mpaka lero tikunyamulabe kachewere wathu pamalole a eni. Mwezi uliwonse aliyense wa ife amaponya kangachepe m'thumba la banja, ndipo mlongo wathu uja, amene anabwerera kudzadya nafe, ndiye amasunga buku. Tinagwirizana kuti galimoto yotsatira tidzailipirira inshuwalansi yoteteza ndi galimoto yomwe, ngakhale ndi yodula, ndi kuti m'miyezi ya chifunga sidzanyamuka ku Lizulu dzuwa lisanatuluke. Bambo aja anakana malipiro, anangolandira thumba limodzi la kachewere. Maginito awo anatisiyira, ndipo ali m'kabati ya Amayi kudikira tsiku lomwe tidzapite kukasankha ina.